Kabati yakale ya mahogany: yambani mwaiona kumsana

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chalala, muno mu Lusaka: "Ndikufuna kabati ya m'chipinda chodyera, ija ena amati buffet kapena sideboard. Ndapeza ziwiri. Ina ili ku Kabulonga kwa banja lomwe likusamuka. Akuti ndi ya mahogany, inachokera ku England m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, ili ndi galasi kumbuyo, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Inayo ndaiona pa Facebook, miyendo yake ili ngati zikhadabo za mbalame zofumbata mpira, mwini wake nayenso akuti ndi antique mahogany, koma ndi yotsikirapo mtengo. Ndidziwa bwanji kuti akunena zoona, ndipo ndi iti yomwe ingandikhalire?"

Amayi, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Ambiri amandipeza kabati ili kale pa Canter, chitseko chimodzi chikulendewera, ndiye chondikhalira n'kukonza basi. Ine ntchito yanga ndi yokonza mipando yakale, ndipo kupala thabwa ndinaphunzira kwa amalume anga kwathu ku Katete ndisanabwere m'tauni muno. Ndikaitanidwa kukaona kabati yotere, kutsogolo ndimakuona komaliza. Kumeneko wogulitsa wapukuta kale, wapaka polishi, mwinanso waikapo kaduwa pamwamba. Ndimapempha anyamata awiri aichotse kukhoma, ndimatulutsa madirowa onse, kenako ndimagwada pansi tochi ili m'manja. Kumsana, kunsi ndi m'kati mwa madirowa palibe amene amataya nthawi kukongoletsako, ndiye n'kumene kabati imanena zaka zake. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa mipando yakale nyererezo nthawi zina zimakhalamo zenizeni.

Tiyambe ndi mawu awiri omwe onsewa akukugulitsirani, chifukwa ndi amene akukweza mtengo.

Mahogany amene anatchukitsa dzinali ndi mtengo wa ku zisumbu za Caribbean ndi ku Central America, womwe akatswiri a zomera amautcha Swietenia. Mu 1721 nyumba ya malamulo ya ku Britain inachotsa msonkho pa matabwa ochokera kumaiko omwe Britain ankalamulira ku America, ndipo kuchokera pamenepo zombo zinayamba kututa mitengoyi ku Jamaica, kenako ku Cuba ndi ku gombe la Honduras. Odula ndi okoka zipika zimenezo ambiri anali akapolo ochokera kuno ku Africa, ndipo ine ndikagwira thabwa la nthawi imeneyo ndimawakumbukira. Akalipentala a ku London anaukonda mtengowu chifukwa umatuluka matabwa otambalala, supindika msanga, umasemeka bwino, ndipo ukalandira polishi umawala mozama ngati uchi wa m'botolo. Wa ku Cuba ndi wolemera komanso woderapo. Wa ku Honduras ndi wopepukirapo. Mitengo ya kumeneko itayamba kuchepa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amalonda anatembenukira ku West Africa n'kuyamba kugulitsa mtengo wa Khaya pa dzina loti African mahogany. Apa ndi pomwe nkhani ifika kwathu, pakuti mbawa yathu ija yomera m'mbali mwa mitsinje, yomwe anzathu Achibemba amati mululu, ndi Khaya. Ndi banja limodzi ndi mahogany wa ku America. Choncho munthu akakuuzani kuti kabati ya mbawa ndi ya mahogany, sanakunamizeni. Bodza limayamba akati inachokera ku England pomwe inapangidwa ku Ndola, kapena akatenga paini n'kumupaka utoto wofiira.

Mitengo ina imangobwereka dzinali. Msambamfumu, womwe kuno ambiri amaudziwa kuti mupapa, pa Chingelezi amautcha pod mahogany, koma uli m'banja la nyemba, ndipo ndi wolemera, wolimba kusema. Pali sapele wa ku nkhalango za ku Congo, wa mizere yowongoka ngati nsalu ya suti. Pali meranti wa ku Asia, amene amapangira zitseko ndi mafelemu, yemwe ena amamutcha Philippine mahogany. Yonseyi ndi mitengo yogwira ntchito, koma simuyenera kuilipira mtengo wa thabwa la ku Cuba.

Kuzindikira utoto n'kosavuta. Yang'anani pomwe kabati inakhulika, monga m'mphepete mwa chitseko, pozungulira bowo la kiyi, kapena pakona pomwe mipando imagunda. Mahogany ndi wofiirira mpaka m'kati, ndiye ngakhale pokandika pamakhala pofiirira. Ngati pansi pa chikandocho pakuoneka poyera ngati mkate, ndiye kuti kufiirako n'kopaka. Yandikitsani diso pathabwa: mahogany ndi mbawa zili ndi timizere tating'ono takuda ngati tolembedwa ndi nsonga ya singano, pomwe paini alibe timizereti, ali ndi mfundo zozungulira, ndipo mukamusindikiza ndi chikhadabo pamalo obisika amalowa. Za kusiyanitsa Swietenia ndi mbawa pansi pa polishi wa zaka zambiri musavutike nazo. Pamafunika kagalasi kokuza zinthu ndi kumapeto kwa thabwa kosapakidwa kanthu, pomwe Swietenia amaonetsa timizere toyererako todula thabwa motsata zaka za mtengo. Kwa inu, zaka za kabati ndi umoyo wake n'zofunika kuposa dzina la Chilatini.

Liwu loti antique, amalonda a zinthu zakale ndi a kasitomu amalimva mofanana: chinthu chopitirira zaka 100. Tsono taganizani za mzinda wathu uno. Lusaka inayamba mu 1905 ngati poima sitima, ndipo inakhala likulu mu 1935, boma litasamuka ku Livingstone. Kabati ya nthawi ya Victoria, amene analamulira kuchokera mu 1837 mpaka 1901, ndi yakale kuposa mzinda wonsewu. Ndiye ngati ya ku Kabulongayo ndi yoona, ili ndi ulendo wake: kapena inakwera sitima kudzera ku Cape Town, Bulawayo ndi Livingstone pamodzi ndi katundu wa wogwira ntchito m'boma la atsamunda kapena mlimi wa kupulazi, kapena yabwera posachedwa m'kontena. Afunseni eni ake kuti inalowa liti m'dziko muno. Funso limeneli ndibwereranso, chifukwa kwa ine ndi lalikulu pa onse.

Ya pa Facebook ija, ngakhale sindinaigwire, miyendo yake yandiuza kale zambiri. Zikhadabo zofumbata mpira zinali fashoni ya zaka za m'ma 1700, ndipo ogulitsa amakonda kuzitcha Chippendale, potengera Thomas Chippendale, kalipentala wotchuka wa ku London yemwe anamwalira mu 1779. Koma m'masiku ake, m'chipinda chodyera munkakhala tebulo lalitali lotsamira khoma, lopanda makabati. Sideboard yokhala ndi madirowa inafala cha m'ma 1780, ndipo inkaima pa miyendo yowonda, yowongoka, monga m'zojambula za Hepplewhite ndi Sheraton, akatswiri a mipando a ku England a nthawi imeneyo. Choncho kabati ya zitseko ndi madirowa yoima pa zikhadabo pafupifupi nthawi zonse ndi ya m'mbuyo muno, pomwe fashoni yakaleyo inadzutsidwanso. Mafakitale a ku South Africa anapanga zambirimbiri kuyambira cha m'ma 1930 mpaka m'ma 1960, ndipo zinafalikira ku Rhodesia konse (Zimbabwe ndi Zambia wa lero) mpaka ku Copperbelt. Zambiri sizinali za mahogany n'komwe. Zinali za imbuia, mtengo woderapo wochokera ku Brazil, kapena za kiaat, lomwe ndi dzina la ku South Africa la mlombwa wathu, umene kuno timauti mukwa. Izi sindikunena monyoza. Mlombwa ndi umodzi mwa mitengo yosafota kwambiri ikauma, chiswe sichiufulumirira, ndipo kabati yotere ya m'ma 1950 imatha kupirira ana atatu ndi zidzukulu zawo. Kungoti si antique, ndipo mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo.

Tsopano tigwade pa ya ku Kabulonga. Sideboard ya nthawi ya Victoria nthawi zambiri ndi chinthu cholemera: makabati awiri m'mbali ngati zipilala, madirowa pakati, tsinde lofika pansi m'malo mwa miyendo, ndi thabwa losemedwa kapena galasi kumbuyo. Tulutsani dirowa limodzi muliyang'ane m'mbali, pomwe thabwa lakutsogolo lalumana ndi lam'mbali. Pali mano olowana omwe akalipentala timati dovetail. Odulidwa ndi manja amakhala ochepa, atatu kapena anayi, osafanana ndendende, ena owonda kwambiri, ndipo kawirikawiri mumaona kamzere kopyapyala komwe mmisiri anakanda poyeza asanadule. Odulidwa ndi makina amakhala ambiri, ofanana ngati mano a chipeso, ndipo anafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kupita m'tsogolo. Litembenuzeni dirowalo. M'munsi mwa mbali zake muyenera kukhala modyeka, mosalala, nthawi zina mokumbika pang'ono, chifukwa lakokedwa kambirimbiri, ndipo njira yomwe limayendamo m'kati mwa kabati iyenera kudyeka mofanana nalo. Dirowa latsopano m'njira yodyeka ndi dirowa lobwera. Musadabwe mukapeza kuti m'kati si mahogany. Amisiri akale thabwa lodula ankaliika poonekera pokha, m'kati ankaika oak kapena paini, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira.

Kumsana muyembekezere matabwa angapo osapakidwa kanthu, odetsedwa ndi mpweya wa zaka mpaka kuoneka ngati fodya wouma, ena atafota n'kusiya timipata. Mukapeza plywood, ndiye kuti kabatiyo ndi ya cha m'ma 1920 kupita m'tsogolo, kapena msana unasinthidwa. Chipboard, thabwa lija la utuchi wopanikiza, linafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo likapezeka m'thupi la kabati nkhani ya Victoria yathera pomwepo. Masikuluwu akale ali ndi mzere umodzi pamutu. A mtanda aja anayamba m'zaka za m'ma 1930. Imodzi kapena ziwiri pa hinjesi ndi umboni woti wina anakonzapo, zomwe si mlandu, koma ngati kabati yonse yamangidwa ndi a mtanda, ndi yatsopano. Tsegulani chitseko muone loko. Maloko ambiri a nthawi imeneyo ali ndi chidindo cha zilembo VR, zoimira Mfumukazi Victoria, ndi kachisoti kachifumu. Ndi umboni wabwino, ngakhale loko imatha kusamutsidwa, ndiye onaninso ngati yakhala bwinobwino m'malo mwake popanda mabowo ena akale pambali. Chimodzimodzi zogwirira: yang'anani kuseri kwa thabwa lakutsogolo kwa dirowa, mabowo otsekedwa akuuzani kuti zinasinthidwa kangati.

Galasi lija lilinso ndi funso lake. Nthawi zina pamwamba ndi pansi sizinabadwire limodzi, wina anangozikwatitsa kuti zigulike. Onani ngati matabwa a kumsana kwa galasi ndi a kumsana kwa kabati ada mofanana, ngati kasemedwe ka maluwa n'kamodzi, ndiponso ngati mabowo a masikuluwu akukumana popanda otsala.

Pa zitseko mudzaona maonekedwe onga malawi a moto. Chimenecho ndi veneer, kachikopa kopyapyala ka thabwa lokongola komatidwa pa thabwa wamba. Anthu ambiri kuno akamva veneer amaganiza kuti abedwa, koma ayi. Malawiwo amachokera pa mphanda ya mtengo, ndipo thabwa la pamenepo likakhala lochindikala limang'aluka, n'chifukwa chake ankalicheka mopyapyala. Veneer yakale yochekedwa ndi sowo ndi yochindikala, imapitirira milimita imodzi, pomwe yamakono ili ngati chikuto cha kope. Mungaone kuchindikalako pomwe pabenthuka.

Ndibwerere tsopano ku funso lija loti inalowa liti m'dziko muno. Thabwa silifa. Limamwa chinyezi cha mumpweya n'kutupa, limachitaya n'kufota, ndipo limatero m'mimba mwake, osati m'litali. Nyengo ya ku England ndi yachinyezi pafupifupi chaka chonse. Kuno mvula ikagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo madirowa amalimba kukoka, kenako pofika Seputembala ndi Okutobala mpweya umauma gwa, milomo kuchita kung'ambika. Kabati imamva zomwezo. Veneer ndi thabwa lapansi pake sizifota mofanana, ndipo guluu wakale, wophikidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, amafewa ndi chinyezi n'kuuma mophwanyika kukatentha. Chaka china ndinaitanidwa kunyumba ina komwe sideboard yokongola zedi inafika m'kontena mwezi wa Ogasiti. Pofika pakati pa Okutobala, usiku wina banjalo linadzidzimuka ndi phokoso ngati la mfuti. M'mawa anapeza thabwa la chitseko litang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, moti ndalama yachitsulo inkalowa mumng'alumo, ndipo veneer ya m'mbali inali itayamba kupiringizika ngati tsamba louma la nthochi. Ndinaikonza, koma zinanditengera milungu, ndipo chipsera chilipo mpaka lero. Mtima unandipweteka, chifukwa kabati imeneyo inakhala zaka zoposa 100 yopanda banga. Kabati yomwe yakhala muno zaka 50 kapena 60 inamaliza kale kulimbana ndi nyengo yathu. Ming'alu yomwe mukuiona ndi yomweyo, siidzakudzidzimutsani. Yomwe yangofika kumene, mayeso ake akadali kutsogolo, ndipo adzachitikira m'nyumba mwanu.

Veneer iyeseni ndi chikhadabo. Gogodani pang'onopang'ono chitseko chonse ndi m'mbali. Pomatika bwino pamamveka molimba, pomwe pamatuka pamalira mopepuka ngati mukugogoda pepala. Malo awiri kapena atatu ang'onoang'ono si vuto, popeza ubwino wa guluu wakale ndi woti amasungunukanso ndi kutentha n'kumatanso. Koma ngati theka la chitseko likulira chotero, muwerengere ndalama zambiri zokonzetsera.

Za tizilombo ndilankhule mosabisa, pakuti apa mukhoza kulowetsa mdani m'nyumba. Kufumbwa kumaoneka ndi timabowo tozungulira ngati toboola ndi singano, makamaka m'matabwa a kumsana ndi a m'kati. Timabowo takuda m'kati, topanda fumbi, nthawi zambiri ndi takale, eni ake anachoka. Toyera m'kati, tokhala ndi kaufa kosalala ngati ufa woyera pansi pake, tikusonyeza kuti tizilombo tilimo ndipo tikudya. Pemphani kuyala nyuzipepala kunsi kwa kabati, mugogode matabwawo, mubwerenso patapita masiku atatu mudzaone ngati pagwa ufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wogulitsa wokana zimenezi wakuyankhani kale. Chiswe n'choopsa koposa, chifukwa chimadya m'kati n'kusiya khungu lokha. Chimalowera pomwe thabwa lakhudza pansi, ndiye kabati ya tsinde lofika pansi ngati za Victoria ndiyo imavutika kwambiri, makamaka ngati inakhalapo m'galaja kapena m'nyumba ya kupulazi. Sindikizani tsinde lonse ndi nsonga ya kiyi, ndipo muone ngati m'makona muli dothi louma lomatirira. Onaninso kuwola kobwera ndi madzi okolopera, poti m'nyumba zathu timakolopa tsiku ndi tsiku, ndipo tsinde limamwa madziwo chaka ndi chaka mpaka kuda n'kufewa.

Mukapeza tizilombo tamoyo koma kabati mwaikonda, ipite kaye kwa odziwa ntchito yophera tizilombo isanalowe m'nyumba. Musaipake dizilo kapena oilo wakutha wa galimoto monga ena amachitira ndi mitengo ya denga. Fungo silidzachoka, mbale zanu zidzalitenga, ndipo polishi sadzagwiranso. Ndipo chonde, amayi, mapiritsi aja ofukizira chimanga m'matumba musawaike m'kabati m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umapha.

Polishi wa mipando ya nthawi ya Victoria kawirikawiri ndi shellac, utomoni wosungunulidwa mu sipiriti, wopakidwa ndi kansalu kambirimbiri mpaka kuwala, njira yomwe imatchedwa French polish ndipo inafala ku England cha m'ma 1820. Kuti mudziwe, nyowetsani kathonje ndi sipiriti uja wa m'mahadiweya wotchedwa methylated, mukhudze pamalo obisika mutapempha eni ake. Shellac amayamba kunata. Vanishi wamakono sasintha. Ngati kabati yakale inapalidwa ndi sandipepa n'kuthiridwa vanishi wonyezimira ngati pulasitiki, mtengo wake kwa odziwa watsika kwambiri, chifukwa mtundu wozama uja umene thabwa limautenga m'zaka 100 uli pakhungu pokha, ndipo ukapalidwa subwerera. Koma shellac naye ali ndi zofooka zomwe muyenera kuzidziwa, popeza kabati iyi ndi yoti izigwira ntchito. Mbale ya nsima yotentha imasiya bwalo loyera. Mowa kapena perefyumu zikadontha zimamusungunula. Tsiku la chilanga mulilo, mwambo uja wa akuchikazi wopereka zakudya kwa mkamwini, kapena la Khirisimasi, pomwe mapoto ndi mabeseni adzadzaza pamwamba ponse, padzafunika mphasa zochindikala kapena galasi lodulidwa muyeso wake, lokhala pa timapilo tating'ono kuti mpweya uzipita. Posamalira, phula la njuchi lopaka mopyapyala kawiri pachaka ndi nsalu youma n'zokwanira. Mafuta ophikira amanata n'kukoka fumbi, ndipo mankhwala opopera aja amasiya utoto woterera womwe umavutitsa wodzakonza m'tsogolo. Iikeni kutali ndi windo lolowa dzuwa la masana, chifukwa dzuwa lathu limayeretsa mahogany mbali imodzi, ndipo magetsi akazima m'nyengo yozizira mbaula isayandikire.

Musanapite kukaona chilichonse, yezani chipinda chanu. Sideboard za Victoria zinapangidwira zipinda zazikulu. Zambiri ndi zotalika mamita 1.8 mpaka kupitirira 2, kuya kwake cha m'ma masentimita 55 kapena 60, msinkhu cha m'ma 90 osawerengera galasi. Pakati pa tebulo ndi kabati pamafunika masentimita 90 kapena mita yathunthu, kuti munthu akokere mpando kumbuyo, wina adutse ndi mbale, chitseko cha kabati chitseguke. Yalani manyuzipepala pansi muyeso wa kabatiyo, mukhale nawo masiku awiri mukudya ndi banja, muone ngati mukuwaponda. Yezaninso zitseko ndi pokhotera m'khonde. Zambiri za zipilala zimamasuka zigawo zitatu kapena zinayi, koma funsani, musangoganiza. Ndipo mutenge mbale yanu yaikulu koposa mukaiyese m'kati. Mashelefu akale anapangidwira ziwiya za anthu ena, ndipo ndaonapo mayi atagula kabati yomwe mafuduwoma ake onse sanalowemo. Mukapeza dirowa lakuya lokutidwa ndi chitsulo chotuwa, chofewa, limenelo linali losungiramo mabotolo a vinyo, ndipo chitsulocho nthawi zambiri ndi mtovu. Ndi umboni wabwino wa zaka, koma musasungiremo chakudya, ndipo ana asaseweretsemo manja.

Kanthu kena kakang'ono: pa mipando ina yakale, pozungulira bowo la kiyi pali kachidutswa koyera. Kakhoza kukhala ka fupa, kakhozanso kukhala ka mnyanga wa njovu. Malamulo a dziko lino pa minyanga ndi okhwima, ndipo kuwolotsa chinthu chotere pa malire a Chirundu kapena a Kazungula kungakuikeni m'mavuto. Mukakaona, funsani ku Department of National Parks and Wildlife musanagule. Matabwa a mahogany nawonso tsopano amayang'aniridwa ndi pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zosowa lotchedwa CITES, wa ku Honduras kuyambira 2003 ndipo Khaya wa kuno ku Africa kuyambira 2023. Malamulowo akukhudza kwambiri zipika ndi matabwa ocheka podutsa malire, osati kabati yomwe mwagula ku Kabulonga n'kupita nayo ku Chalala. Koma akukuuzani kuti thabwa lotambalala la mtundu umenewu ndi losowa, ndipo chigawo chachikulu chikawonongeka, chokonzera chake chidzakhala mbawa yosakidwa kumsika wa Buseko n'kuisintha mtundu kuti ifanane.

Pa mtengo, musalole kuuzidwa kuti mukusunga chuma chodzakula. Ku Britain komweko mitengo ya mipando yakale yofiirira yatsika kwambiri kuyambira cha m'ma 2000, chifukwa nyumba zachepa ndipo achinyamata akukonda zina, ndipo sideboard zazikulu za Victoria ndi zina mwa zovuta kugulitsa kumeneko. Mulipire chifukwa ndi yolimba, ndi yokongola, ndipo mudzaigwiritsa ntchito. Chilema chilichonse chomwe mwapeza chikhale ndi mtengo wake wokonzetsera, muuchotse pa zomwe akufunazo. Banja losamuka lili ndi tsiku lonyamuka, ndiye kukambirana kulipo. Zomwe akunenazo, kuti ndi mahogany ndiponso ndi ya zaka zakuti, azilembe pa lisiti. Wa pa Facebook musamutumizire kakobiri ka pafoni musanaione ndi maso n'kuigwira ndi manja, ngakhale anene kuti pali wina akubwera kudzaitenga madzulo.

Ngati mungathe, pitani ndi kalipentala. Ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, kuli amisiri aluso, koma ambiri ntchito yawo ndi yopanga zatsopano, ndipo kukonza zakale ndi luso lina. Mufunseni kuti akanaichita chiyani kabatiyo. Akayamba ndi sandipepa ndi vanishi, muthokozeni mufune wina. Amene wayamba wakoka dirowa n'kulitembenuza, ameneyo muyende naye.

Mwandifunsa kuti ndi iti yomwe ingakukhalireni, ndipo ndikuyankhani momwe ndikanayankhira mlongo wanga. Ya ku Kabulonga muigule ngati mano a madirowa ndi msana zikugwirizana ndi nkhani yake, ngati yakhala m'dziko muno zaka zambiri, ngati tsinde lake ndi lolimba, ndiponso ngati manyuzipepala aja simunawaponde. Zikatero mwapeza chinthu chosowa, ndipo muchisamale. Chimodzi mwa zinayizi chikalephera, makamaka ngati yangofika kumene kuchokera kunja, mtima wanga uli pa ya zikhadabo ija, malinga ikhale ya thabwa lenileni la mlombwa, imbuia kapena mbawa. Ili ndi miyendo, ndiye mumakolopa kunsi kwake ndipo chiswe mumachiona chisanakwere. Kawirikawiri ndi yocheperapo, yokwana m'zipinda za nyumba zomwe tikumanga masiku ano. Yadya kale ma Okutobala ambiri a kuno. Muuzeni mwini wake mwaulemu kuti si antique, mumuonetse chifukwa chake, ndipo mugwirizane mtengo wa kabati yabwino yakale.

Iliyonse yomwe mungasankhe, tsiku lonyamula mukhalepo nokha. Madirowa atuluke, mashelefu atuluke, zitseko zikiyidwe kapena zimangidwe ndi chitenje, galasi lichotsedwe liyende loimirira pakati pa mabulangete. Anyamata ainyamulire kunsi, osati kugwira thabwa lapamwamba, ndipo asaikoke pansi, chifukwa miyendo ya zikhadabo imathyokera pomwe yalumikizana ndi thupi. Pa Canter iime chilili pa matiresi akale, ndipo paliponse pomwe chingwe chakhudza thabwa pakhale nsalu. Ikafika kunyumba, isiyeni mpata wa chikhatho chimodzi kuchokera kukhoma, ndipo pansi pa miyendo muike timatabwa kapena timphira topyapyala kuti madzi okolopera asaifike.

Loweruka mukamapita, mutenge tochi, tepi, kathonje, sipiriti pang'ono, nyuzipepala ndi mbale yaikulu ija. Mujambule msana wonse, mano a dirowa limodzi, loko ndi kunsi kwa tsinde, munditumizire zithunzizo musanapereke yankho kwa aliyense wa awiriwo.